Kashembe wa a Josiah

Ku Kakumbi kuli mbama imodzi yokha imene munthu sapita nayo kubwalo la milandu. Ukaona kashembe atatera pa mnzako umamenya, osayamba wapempha. Kaya ndi abusa, kaya ndi apongozi amene mumathawana panjira, umamenya ndithu, ndipo womenyedwayo amatembenuka n'kunena kuti zikomo. Alendo amauseka mwambo umenewu. Amaseka chifukwa sanaikepo m'manda munthu wofa ndi kaodzera, nthenda imene ntchentche yoluma imeneyi imabwera nayo.

Edith anaikapo. Mwamuna wake Gideon anayamba kuodzera khasu lili m'manja, kenako mbale ili pamiyendo, kenako anagona osadzukanso. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dolly, anakwatiwa kumigodi. Pakhomo anatsala awiri, Edith ndi bambo ake okalamba, a Josiah, ndipo mwa awiriwo wolima anali mmodzi.

A Josiah khasu silinawakonde, iwonso sanalikakamize. Paunyamata wawo ananyamulirako katundu mzungu wina woyendayenda, bwana Langford, amene ankakonda kuwedza. Mzunguyo sankaika nyongolotsi pambedza ngati munthu wanzeru zake. Ankamangapo nthenga ndi ulusi kuti mbedza ioneke ngati kachilombo kouluka, nsomba n'kupusitsika. Pobwerera kwawo anawasiyira a Josiah kachipanira kachitsulo kogwirira mbedza, galasi lokulitsa zinthu, ndi matenda. Matenda ake anali akuti a Josiah anaiwala za nsomba. Nsomba imakhutira ndi chilichonse chonyezimira, koma iwo ankafuna kuti chiwala chawo chikhale ndi minga kumiyendo, tombolombo akhale ndi mitsempha m'mapiko, njuchi ikhale ndi ufa wamaluwa kuntchafu.

Anapanga zonsezo, ndipo zonse zinapita. Alendo obwera kudzaona nyama kumsasa wa ku Nkwali ankazibaya pazipewa n'kuwoloka nazo nyanja, osafunsa n'komwe dzina la wopanga. Ku Kakumbi kunangotsala dzina lachipongwe, Mkulu wa Nthenga. Madoda anzawo akakhala pamthunzi ankaloza zipsera za njati, ankasimba za masiku amene boma linali lisanasamutse midzi ya kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa n'kupereka dziko kwa nyama. A Josiah analibe choloza. Moyo wonse anagwira ntchito, koma ukati aonetse, m'manja munali mbee.

Ndiye kunabwera ng'ala. Diso lakumanzere linayera n'kutseka. Lakumanja linayamba kuchita nkhungu m'mbali, moti ankaona bwino dzuwa likakhala paliwombo basi.

Nkhani ya chionetsero anabwera nayo ndi Maybin, woyendetsa lole yonyamula katundu wa kumsasa. Anati chaka chilichonse anthu akakolola, ku Fort Jameson kumakhala chionetsero cha zaulimi, ndipo pamakhala tebulo la ntchito zamanja. Chinthu chako amachiika poyera, dzina lako pambali, anthu n'kumadutsa akuona. A Josiah anamvetsera osaphethira. Maybin atapita, nkhuku zikuyamba kulowa, anaitana Edith.

"Amake Dolly," anatero, "ndatsala ndi kamodzi."

"Kamodzi kachiyani, atata?"

"Kashembe."

Edith anaika lichero pansi. "Zilombo zonse za Mulungu zatha, kuti mupange amene anandiphera mwamuna?"

"Mwini chigwa chino ndi iyeyo. Ng'ombe tilibe chifukwa cha iye. Aliyense kuno amamudziwa, ndiye palibe amene ndingamunamize. Ndikufuna anthu aime patebulo anene kuti uyu wapanga ndi Josiah wa ku Kakumbi, diso ili lisanatseke. Koma miyendo yanga yatha, ndipo zofunika zili kuthengo."

Edith anakana tsiku limenelo, anakananso mawa lake. Chinamugonjetsa si mawu. Anawapeza akupapasa pansi kufuna galasi lawo limene linali pamwendo pawo pomwe, ndipo chisoni chinamugwira. Anatukwana mumtima, n'kufunsa kuti ayambe ndi chiyani.

Anayamba ndi kashembe weniweni, poti a Josiah ankafuna kumuyang'anitsitsa wamoyo. Anapita awiriwo m'mitengo ya tsanya kuseri kwa minda, kumene ntchentchezo zimachuluka, ndipo a Josiah anamuuza Edith atambasule mkono adikire. Kashembe anabwera, anatera, anapinda mapiko limodzi pamwamba pa linzake ngati sizasi yotseka. A Josiah asanayandikize n'komwe galasi, phaa, panatsala kadontho ka magazi.

"Ndinati udikire."

"Sindine, atata, ndi dzanja."

Anayesanso, dzanja linachita zomwezo. A Josiah anapukusa mutu. "Dzanja lakoli silifunsa," anatero. Pamapeto pake anamutembenuza kuti ayang'ane kwina, iwo n'kuima kumbuyo ndi botolo, mpaka anavundikira mmodzi amene anatera pansalu yakuda ya kumsana. Edith anaima mano ali gwa, misozi ikutsika, akumva kachilombo kakuyenda pamsana pake.

Zofunika zinali zambiri, ndipo palibe chimene chinali pafupi. Mapiko ankafuna mamba a nsomba yaikulu ya mcheni, opalidwa ndi lumo mpaka uone zala kuseri kwake. Edith anapala mamba osawerengeka, a Josiah n'kumawakweza kudzuwa, kumawataya. Mimba inkafuna nthenga za pachifuwa pa njiwa, zothothoka zokha, chifukwa za njiwa yophedwa ankati zimafota. Ulusi anasolola kumalaya akale a Gideon. Zomatira anatenga utomoni. Koma chifuwa cha kachilomboko, chotuwa ngati dothi louma, a Josiah anati sichingatheke popanda ubweya wa njati umene umatsalira pamtengo njati ikadzikanda pochoka m'matope. Ndipo njati zinali kutsidya, m'gemu, dziko la nyama lija, kumene munthu wamba sankaloledwa kuponda.

Inali nyengo yotentha, Luangwa ataphwa mpaka m'mawondo. Edith anawoloka m'mawa, mtima uli m'mwamba chifukwa cha ng'ona. Njira sanafunse munthu, poti miyendo inamutengera kumudzi kumene anabadwira. Nyumba kunalibe. Pamene panali khomo la amayi ake panali chithaphwi cha matope, ndipo manda a amayiwo sanathe kuwazindikira, ziboda zinasalaza ponse. Mtengo wa bwemba umene ankasewera pansi pake unalipo, thunthu lake lili tsereee ndi kukhuzidwa, ubweya utamatirira m'makungwa. Anautola akulira. Anali asanauone mudziwo chisamukire, ndipo anabwera kudzatola ubweya.

"Mwaswera bwanji, amake Dolly?"

Anali Silas, mlonda wa nyama, amene anakulira naye pansi pa bwemba yemweyo. Anali ndi mfuti paphewa ndi manyazi pankhope.

"Ndaswera, bambo. Ndikungotola izi."

Silas anayang'ana m'chikhatho chake. "Sole, mayi. Kuno ngakhale ubweya ndi wa boma. Tayani, muwoloke thu koloko isanakwane, bwana wanga adutsa pano."

Edith anataya umene unali m'manja. Silas anayamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale, ndipo anachedwa nacho. Edith anatolanso pang'ono n'kubisa m'duku. Atafika kunyumba sanawauze bambo ake za manda, iwonso sanafunse. Ananunkhiza ubweyawo, anaupotokola ndi zala, n'kunena kuti ndi womwewo.

Mvula inabwera, msewu wa ku Fort Jameson unatsekeka ndi matope, lole ya Maybin inasiya kuoneka. Edith ankalima yekha m'mawa, masana n'kumapala mamba. Mitambo inali mdani wa a Josiah. Tsiku lamvumbi ankangokhala pakhonde, kachipanira kali pamwendo, akuyang'ana kumwamba ndi diso lawo limodzi ngati nkhuku yomwa madzi. Dzuwa likatuluka ankakokera mpando pabwalo, kufulatira nyumba, n'kuwerama. Sankalola Edith kuona. "Udzamuona limodzi ndi anthu," ankatero. Edith sanalimbikire, analibe chilakolako choona nkhope imeneyo.

Chinawavuta ndi miyendo. Anayesa ubweya wa njiri, unali wofewa. Anayesa udzu, unathyoka. Anati pakufunika tsitsi la kumchira kwa njovu, lolimba ngati waya, loti aling'ambe pakati n'kulipinda ndi singano yotentha. Edith anaseka kuseka kowawa. "Ndikagwire njovu kumchira, atata? Mundiuze ndiyambire iti."

Njovu zinabwera zokha. Chimanga chitakhwima, Edith anadzuka m'mawa wina n'kupeza munda uli ngati bwalo la mpira. Mapesi anali pansi, maungu ataphwanyika, ndowe zikufuka nthunzi pakati pa mizere. Ntchito ya dzinja lonse inathera m'mimba mwa nyama za boma. Anakhala pansi pomwepo, osalira, osafuula, manja ali pamutu. A Josiah anafika pambuyo ndi ndodo yawo, akupunthwa m'mapesi. Sanapite kwa mwana wawo. Anapita kumpanda waminga kumene njovu zinaswa polowa, anayamba kupapasa nthambi imodziimodzi, minga ikuwabaya.

"Amake Dolly," anaitana ndi chimwemwe, "bwera uone. Zasiya."

M'manja mwawo munali tsitsi lakuda la kumchira. Edith anawayang'ana ndipo anawada. Anawada ndithu, mmene munthu amadera amene sangamusiye. "Tidya zimenezo?" anafunsa. A Josiah anatsitsa dzanja, chimwemwe chinazima pankhope, koma tsitsilo sanataye. Madzulo ake Edith ndi amene analing'amba ndi lumo, chifukwa maso awo sakanatha. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chaka chimenecho anadya zopemphetsa ndi zaganyu. Edith anapeta mapira a eni, anasenza madzi a eni, pobwera n'kumatolabe nthenga m'njira mosadziwa. Anthu ankamufunsa moseka kuti Mkulu wa Nthenga wakolola matumba angati. Iye ankangodutsa. Mumtima ankangoti kachilomboko kathe, kakafike patebulo, kuti chaka chimenechi chikhale ndi choloza. Kakapanda kufika, ndiye kuti analira pamanda osaoneka, anapirira kashembe pamsana, anang'amba tsitsi m'munda wophwanyika, zonse pachabe.

Nkhungu ya m'diso inali kutsekera pakati. A Josiah anayamba kumata mwendo umodzi masana onse, n'kuuchotsanso. Misozi inkatuluka m'disomo chifukwa cha dzuwa, ankaipukuta ndi phewa osasiya mbedza. Tsiku lina m'nyengo yozizira Edith pobwera kudambo anawapeza atakhala tsonga, manja ali pamawondo, bokosi la machesi lili m'thumba la jekete.

"Watha," anatero. Kenako anafunsa, "Kodi kwachita mitambo?"

Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi. Edith anati inde, kwachita mitambo pang'ono, n'kulowa m'nyumba msanga.

Msewu utauma Maybin anabweranso, ndipo anavomera kuwatenga. Edith anawachapira jekete, anawameta, anawakweza kumbuyo kwa lole pakati pa migolo ndi anthu ena apaulendo. A Josiah tsopano ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Dzanja lawo silinachoke pathumba. Ulendo wonse ankalankhula ngati mnyamata, kufunsa ngati tebulolo lidzakhala pamthunzi kapena padzuwa, kulangiza Edith kuti akawauze aliyense amene aime ndi chimene anene. Edith anapezeka akumwetulira, chinthu chimene anali atachiiwala.

Kufupi ndi Jumbe kunali geti la ntchentche. Galimoto iliyonse yochoka kuchigwa inkaima pamenepo, anthu n'kutsika, amuna a pagetipo n'kupopera mankhwala ndi kusaka ndi timaneti, kuti akashembe okwera ulele asafike kumtunda kumene kuli ng'ombe. Amuna amenewo ntchito yawo inali kashembe kuyambira m'mawa mpaka madzulo. A Josiah anazidziwa zimenezo, ndipo analakalaka kuti amuna amenewo akhale oyamba kuona kashembe wawo. Edith anawatsitsa, anawaimika pambali pa msewu, n'kubwerera kulole kukatenga mtolo wa kamba. Iwo anatsegula bokosi la machesi mwakachetechete, anatulutsa ntchito yawo, n'kuibaya pakolala ya jekete monga ankachitira alendo pazipewa. Anaima chilili kudikira kuti wa neti adutse.

Edith anatembenuka ndi mtolo wake. Pakolala ya bambo ake, chala chimodzi kuchoka pakhosi, panali kashembe. Mapiko anali atapinda limodzi pamwamba pa linzake, miyendo itagwira nsalu, mlomo utaloza kutsogolo kumtsempha. Mtolo unagwa. Tsoka silinunkha.

Mbamayo inamveka mpaka kutsogolo kwa lole. A Josiah anadzandira n'kugwira ndodo ndi manja awiri. Edith anamva moto m'chikhatho, ndipo atatembenuza dzanja anaona mbedza italowa mpaka kumapeto. Pozungulira pake panali timamba tosweka, kaubweya kotuwa, ndi titsitsi takuda topindika tikumira m'magazi. Anazidziwa zonse, chimodzichimodzi, ndi kumene anazitola.

Anthu amene anatsika nawo anatembenuka, akudikira zikomo wa nthawi zonse. Sanamveke. Dzanja la a Josiah linakwera pakolala, linapapasa, linapeza kabowo pansalu. Linapapasanso. Kenako linafuna dzanja la Edith, linalipeza, ndipo zala zawo zinayenda m'magazimo mpaka zinakhudza chitsulo.

Mkulu wa pageti, Cosmas, anabwera ndi pampu yake akufunsa chimene chachitika. Ataona mbedza anaitanitsa pulayala kwa Maybin. Anati ndevu ya mbedza singabwerere mmbuyo, ayenera kuikankha ituluke kwina n'kuidula. Anachita zimenezo mwaluso, akupepesa, ndipo zotsalira za nthenga anazipukuta ndi kansanza n'kutaya m'fumbi. Edith sanalire ndi ululu, sanaumve n'komwe.

"Bambo," a Josiah anafunsa molunjika kumene kunkachokera mawu a Cosmas, "munamuona?"

"Ndani, madala?"

"Amene anali pakolala panga."

"Ayi, madala, ine ndinali kumatayala."

Anafunsa Maybin, anali akuthira madzi m'injini. Anafunsa apaulendo anzawo, wina anali kumanga mwana, wina kuyang'ana nthochi zogulitsa. Panalibe amene anaona. Pamapeto anatembenukira kwa mwana wawo.

"Edith," anatero, dzina limene anali asanamutchule chikwatiwire. "Anali bwanji?"

Edith anayang'ana bala la m'chikhatho chake. Kenako anati, "Anali kashembe, atata."

A Josiah anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anawongoka monga munthu waulemu wake.

"Zikomo, mwanangu," anatero.

Maybin anadikira pang'ono, anafunsa ngati apitirirabe ulendo. Panalibe chopitira. Anawauza kuti madzulo kudutsa lole ina yotsikira kuchigwa, anakweza anthu ake, geti linatseguka. Fumbi litatha, awiriwo anakhala pachipika pansi pa mtengo. Dzanja la Edith linali lomangidwa ndi duku lake, likugunda ngati ng'oma. A Josiah anatulutsa bokosi la machesi, ankalitsegula n'kulitseka, kulitsegula n'kulitseka. Edith ankafuna kuwauza kuti adzawolokanso mtsinje, adzapalanso mamba, koma onse awiri ankadziwa kuti si mamba amene anatha.

Dzuwa litapendeka kunafika njinga yochoka kuchigwa, ndipo Cosmas anaimitsa mwini wake n'kuyamba kusaka ndi kaneti. Kachilombo kena kanathawa netiyo, kanazungulira mtengo, kanatera pakhosi pa a Josiah, pamwamba pa kolala pomwe. Kanapinda mapiko limodzi pamwamba pa linzake.

Edith anakaona. Dzanja lake lamanzere linali labwinobwino, linali pamwendo pake. Analiuza kuti linyamuke, linangogwedezeka n'kukhalanso. Anayang'ana mapiko aja, miyendo ija, kufuna kutsimikiza, ngakhale ankadziwa kuti bokosi lili lopanda kanthu. Mimba ya kachilomboko inayamba kufiira. A Josiah, amene khungu lawo linali litakalamba kwambiri moti sanamve msanga, anakweza phewa mochedwa, ndipo kashembe anauluka atakhuta.

"China chandiluma," anatero. "Sunachione?"

"Ndinachiona, atata," anayankha Edith.